Kudwazika a Metroni ku Joni

Ana anga, adzukulu anga, ndi inu mudzabadwe ine nditapita, khalani pansi mumve. Ndine Anasitaziya Nangondo wa ku Nsaru kuno, amene ndinakolopa chipatala mpaka msana unati basi. Zilembo ndinaziphunzira nditakula kale, kusukulu ya kwacha, ndiye zikakhota musaseke, nkhani yake ndi yowongoka. Za ubwana wanga sindilemba, munalibe china koma khasu ndi mtedza. Ndiyambira pa ntchito ndikathere ku Joni, mzinda umene unandipsetsa mtima kuposa mmene bambo anu anandipsetsera zaka zonsezi.

Chaka chobadwa Filipo

Filipo ali kumsana, analengeza kutchalitchi kuti kuchipatala cha mishoni akufuna mayi wochapa. Ine uyo, mbandakucha, mwana kumbuyo, mame m'miyendo. Anandilandira ndi a Metroni. Dzina lawo sindilemba, tonse tinkangoti a Metroni. Mayi wamtali, woonda, nsapato mbee, maso osaphethira.

"Onetsani manja," anatero. Ndinaonetsa. "Zikhadabo izi mukawenge. Mawa sikisi koloko."

"Koma dzina langa sindinanene, a Metroni."

"Dzina ndidzalimva mukachapa bwino."

Analimva patatha miyezi itatu, ana inu! Ndinachapa ine, ndinachapa. Sopo akatha tinkawiritsa nsalu m'mgolo, madzi akavuta tinkasenza kuchokera kumjigo, koma nsalu ziyere basi. Patapita zaka zisanu anandilowetsa mu wodi ya amayi, kukolopa ndi kuyala mabedi, ndipo ndinakhala momwemo zaka zambirimbiri. A Metroni ankati akanena chinthu, chanenedwa. Ndinaona ndi maso angawa mlonda akuchotsedwa ntchito, anagwada, anabwera ndi akuluakulu a kwawo, mpaka Bambo Mfumu a parishi anamupepesera, koma a Metroni anangoti, "Ndinanena kale." Tinkawaopa, tinkawanena kumbali, komabe wodi yathu inkawala ngati mbale. Abale analibe kuno. Makolo awo anachokera ku Phalombe kudzagwira utenanti wa fodya ndipo anatsikira kumanda konkuno, amuna awo anamwalira kalekale, mwana wawo mmodzi yekhayo ankagwira ntchito kutsidya kwa nyanja. Ankakhala okha kuseri kwa chipatala, ndi mphaka.

Chaka chobadwa mdzukulu wanga Sitela, mwezi wa Juni

A Metroni anayamba kudwala m'mimba. Anabisa, anabisa, mpaka tsiku lina anagwa pakhonde. Madokotala anati ndi chotupa. Mwana wawo anakonza zoti akwere ndege akachitidwe opaleshoni ku Joni, koma iye mwini tchuthi anamukaniza. A Metroni anapita okha. Patatha masiku anayi tinali pakhonde la kukhitchini amayi tonse, a Naphiri ophikira odwala ndi kufunsa kuti, "Kodi gadiyani wawo ndani kumeneko?"

Tonse tinangoyang'anana.

Inu mukudziwa, kwathu kuno wodwala sagona yekha m'chipatala. Amakhala ndi gadiyani, womuphikira, womusambitsa, womuchapira, wogona pansi pafupi ndi bedi. Ndiye mayi amene anayang'anira odwala moyo wake wonse agone kwa eni wopanda womutungira madzi? Manyazi anatigwira. Pasipoti ndinali nayo ndine ndekha, chifukwa cha ulendo wa kwaya wa ku Chipata. Bambo Mfumu anakonza tikiti ya basi, analemba kalata yopita kwa asisitere ena a ku Joni kuti andisunge, nesi wogwirizira udindo wa a Metroni anandipatsa tchuthi.

Bambo anu a Lenadi anaseka mpaka kutsokomola. "Amake Filipo, inu mumasochera mumsika wa ku Lilongwe, ndiye Joni?"

"Mukadzadwala inu ndidzakutumizirani kalata, muzidzaidya," ndinatero.

Ndinamanga katundu wa gadiyani weniweni: beseni, kapoto, mthiko, mkeka, fulasiki, ufa wa mgaiwa, nsinjiro, mbaula ndi kathumba ka makala. Makala anandikaniza padepoti, mbaula ndinaibisa m'beseni. Masiku awiri pamsewu, malire atatu, miyendo inatupa ngati maungu. Ndinkaimba chamumtima njira yonse. Ndinkati ndikangofika ndikoleza moto.

Lolemba, Lachiwiri ndi Lachitatu ku Joni

Mayo ine, mzinda uja! Kuzizira kwake kolowa m'mafupa. Nyumba zonse m'mipanda, pamwamba pa mipanda mawaya, pakhomo palibe wokhala, palibe ngakhale nkhuku yoti uifunse njira. Anandilandira ndi Sisitere Benedikita, nkhalamba yabwino, koma anali ndi sukulu yophunzitsa, sakanatha kundiperekeza. Anandilembera dzina la chipatala papepala, nati minibasi ziwiri, ina yokafika m'tauni, ina yochokera m'tauni. Chingerezi changa ndi cha mu wodi, gudumoning'i, sore, peshenti, fenkyu. Ndinati chikwana.

Lolemba ndinaphika phala la nsinjiro pa chitofu chamagetsi cha asisitere, ndinathira m'fulasiki, beseni pamutu, ine pamsewu. Ndinadikira kondakitala woti akuwe kumene akupita. Palibe! Minibasi za kumeneko zilibe kondakitala, zimangoliza bele, pi pi pi, ngati zakwiya. Anthu amazidziwa bwanji? Ndinakupiza dzanja chapansi monga timachitira pa Nsaru, ina inaima, ndinakwera. Ndinapereka moni kwa onse, "Gudumoning'i," anandiyang'ana ngati ndapempha mchere. Tinayenda, tinakhota, tinakhotanso, anthu kutsika, anthu kukwera, ine phee kudikira tauni. Mwadzidzidzi ndinaona mpanda wa asisitere uja ukudutsa pawindo. Tabwerera pomwe ndinakwerera! Dalaivala ananditembenukira, kuyankhula zambirimbiri, ine ndinangotsika. Madzulo Sisitere Benedikita anagwira kumutu, nandipepesa. Kumeneko minibasi amaimika ndi chala. Ukaloza kumwamba ndiye kuti ukupita m'tauni, ukaloza pansi ndiye kuti ukuzungulira momwemo. Eti chala! Anthu ali ndi pakamwa, Mulungu anawapatsa, koma akuyenda ndi chala.

Lachiwiri ndinaloza kumwamba ngati ndikulumbira. Ndinafika m'tauni. Ana anga, ine ndimadziwa njira ndi dzuwa, kum'mawa uku, kumadzulo uku. Kumeneko dzuwa analitsekera ndi nyumba. Ukayang'ana kumwamba khosi limawawa, ukayang'ana pansi akugunda. Anthu kuthamanga, kuthamanga, ngati kwinaku kwagwa moto, koma moto osauona. Pokwerera minibasi panali mizere, mizere, mizere. Ndinaonetsa pepala kwa bambo wina, analoza ndi mlomo osaima. Ndinaonetsa kwa mayi wina, anakumbatira chikwama chake ngati ndine wakuba, ine mayi wa kwaya! Ndinaima pamzere umene unaoneka wa anthu aulemu. Unakanditula kutali, kumene kuli mapiri achikasu opanda mtengo ngakhale umodzi. Pobwerera dzuwa linali litapendeka. Ndinakhala pabedi kwa asisitere, ndinatsegula fulasiki, ndinadya phala la a Metroni lozizira, misozi ikugwera momwemo. Sinali misozi yachisoni ayi, inali ya mkwiyo. Masiku awiri m'mzinda umodzi ndi wodwala wanga, osamuona!

Lachitatu ndinati, Anasitaziya, zilembo zakukanika, zala zakukanika, koma chipatala umachidziwa. Nditafika m'tauni sindinayang'anenso nkhope kapena zikwangwani. Ndinayang'ana mapazi. Nsapato ya nesi ndimaidziwa ngakhale pakati pa nsapato zonse za dziko, yafulati, yopukutidwa, chidendene chodyeka chifukwa choima. Ndinaipeza! Ndinakweza maso, pamapewa pali timizere ta manesi tija. Ndinamugwira mkono, pepala pamaso pake. Anawerenga, anandiyang'ana ine ndi beseni langa, anagwedeza mutu kuti nditsateni. Ndinamukakamira ngati nkhupakupa mpaka pageti pa chipatala.

Chipatala chake ngati tauni ina. Ine ndinayamba kufunafuna utsi, chifukwa khitchini ya magadiyani umaidziwira utsi. Ndinazungulira uku, magalimoto okhaokha. Ndinazungulira uko, maluwa. Chingwe choyanikapo zitenje palibe, nkhuni palibe, mayi wotsuka poto palibe. Ndinati kodi odwala a kuno ndi amasiye onse? Pakhomo mlonda anavundukula beseni, anatulutsa mbaula, anaikweza m'mwamba kuitana mnzake kuti adzaone. Ndinati "Peshenti, peshenti," iye "No, no." Ndinati gadiyani, iye no.

Anandipulumutsa ndi mayi wina amene ankakolopa pakhomopo, wonenepa bwino, dzina lake Nomusa. Ndinaona akulimbana ndi chokolopera, chikudontha. Manja anga sanapirire, ndinachilanda, ndinachifinya kawiri monga timachitira kwathu, ndinakolopa pamene anaponda mlonda paja. Nomusa anaseka, anandimenya paphewa, anandiloza ine, anadziloza yekha. Tinamvana. Anandikokera pa wotchi yapakhoma, zala zitatu, kenako zala zinayi. Kuona odwala ndi 3 koloko mpaka 4 koloko, basi. Ola limodzi! Gadiyani wa ola limodzi, munamumvapo kuti? Beseni ndi mbaula anandisungira m'kachipinda ka matsache, fulasiki ndinaibereka m'chitenje.

Lachitatu lomwelo, 3 koloko

Ndinawapeza atayang'ana kukhoma. Mayi wamtali uja atatsala kamunthu, tsitsi nyankhalala, mutu wopanda duku. Patebulo mbale yovundikira, yosakhudzidwa. Ndinagwada, ndinati, "Odi, a Metroni."

Anatembenuka pang'onopang'ono. Ndinkati alira, ndinkati andigwira dzanja. Ha!

"A Nangondo. Wakutumani ndani? Wodi mwasiyira yani?"

"Ndabwera kudzakudwazikani."

"Ndinapempha gadiyani ine?"

Dokotala analowa, anayankhula nawo, iwo kumuyankha mwachidule. Atatuluka ndinafunsa kuti akuti chiyani. "Akuti sangandichite opaleshoni ndisanalimbe. Akuti sindikudya. Mwamva, eti? Tsono nyamukani."

Ndinatsegula fulasiki. Anati tsekani. Ndinati ndikupeseni tsitsi. Anati musandikhudze. Kenako ananena ndi mawu aja a mu ofesi, ngakhale anali otsika: "Basi ya kumudzi imanyamuka Lachisanu. Mukakwere. Sindifuna wantchito wanga azindiona chonchi. Mukapanda kukwera, ntchito yatha." Anabwerera kukhoma. Belu linalira, ola latha.

Lachinayi ndinapitanso, tsopano njira ndikuidziwa. Sananditembenukire n'komwe.

Lachisanu

Musamve zabodza, kudepoti ndinapita, katundu yense pamutu. Zaka zonse zija sindinawakanepo a Metroni ngakhale kamodzi, ndipo za mlonda uja ndinkazikumbuka bwino. Ntchito imeneyo ndi imene inakudyetsani, inakuvekani, inafolera nyumba yathu ndi malata. Achisale, chitsirizira changa, anali akadali pasukulu. Zaka zopumira zinali pafupi. Mayi wa msinkhu wanga, wosalemba bwino, akachotsedwa, adzamulemba ndani?

Padepoti panali Amalawi okhaokha, mafiriji, njinga, mabulangete, Chichewa chikumveka mbali zonse, chokoma ngati nzimbe. Kondakitala, kondakitala weniweni wokuwa, anati, "Amayi, kwerani, mpando wa pawindo ulipo." Phazi limodzi ndinaliika pachitseko. Pamenepo m'maso mwanga munabwera mbale yovundikira ija. Ine ndayala mabedi ambiri, ana anga. Wodwala akayang'ana kukhoma, mbale n'kumabwerera yodzaza, ndimadziwa kuti bedi limenelo ndidzaliyala posachedwa, mwini wake palibe. Ndinatsitsa phazi.

"Amayi, mukukwera kapena ayi?"

"Pitani, achimwene. Mukafika ku Lilongwe mukandiperekere moni."

Ndinadzikwiyira njira yonse. Ndinkati, chitsiru iwe, ukutaya ntchito chifukwa cha munthu woti sakufuna n'kukuona komwe. Ndinabwerera kwa asisitere, ndinaphika, ndinaloza kumwamba, 3 koloko ndili pambali pa bedi.

"Basi yanyamuka?" anafunsa ali kukhoma.

"Yanyamuka."

"Ndiye ntchito yatha."

"Zikomo, ndamva. Tsono poti sindinenso wantchito wanu, simungandithamangitse. Ndine mlendo, ndadzaona wodwala, mpaka 4 koloko."

Ndinakoka mpando, ndinathira phala m'kapu, ndinayamba kudya ndekha, mokweza, supuni ikulira. Ndipo ndinayamba kucheza, osati ndi iwo, ndi khoma lomwelo. Ndinati kumudzi zinthu zili bwino a Metroni chichokereni, anthu akupuma. Manesi akubwera 8 koloko. Magadiyani akuyanika matewera pawindo la wodi. Tsiku lija ndimanyamuka, mbuzi inalowa mu wodi ya amayi, inadya khadi la wodwala wa pabedi lachitatu, anthu anaombera m'manja.

Bulangete linagwedezeka. "Mbuzi?"

"Yakuda, ya mawanga. Imabwera m'mawa uliwonse, yazolowera."

Anatembenuka. Maso aja anabwerera, osaphethira. "Mu wodi yanga? Nanga Sisitere Mbewe anali kuti?" Ameneyo ndi nesi wogwirizira uja.

"Ankaipatsa dzina."

Ambuye andikhululukire, mbuzi inalowadi koma kamodzi kokha, inathera pakhonde, zinazo ndinawonjezera ndipo ndinakalapa kwa Bambo Mfumu. Koma a Metroni anadzuka, anakhala tsonga, anakalipa, anakalipa, anatchula aliyense ndi dzina, mpweya unawathera. Atapuma anayang'ana kapu yanga.

"Mukudya ngati ndani, osatseka pakamwa? Bweretsani kuno." Analawa. "Nsinjiro zachepa." Anadya masupuni asanu ndi awiri, ndinkawerenga mumtima ngati korona.

Ndinatuluka m'chipatala muja ndikuvina, ndithu ndikuvina, Nomusa anasiya chokolopera n'kundilowerera, mlonda uja kukamwa yasa.

Kuyambira tsiku limenelo ntchito ya gadiyani ya tsiku lathunthu ndinkaipanikiza mu ola limodzi. Kulowa, kukoka katani, kuwapukuta ndi madzi ofunda, kuwadzoza, kuwapesa, kuwamanga duku, phala, nkhani za kumudzi, belu. Manesi a kumeneko anali abwino, poyamba ankadabwa, kenako ankandibweretsera okha madzi. A Metroni ankangodandaula, madzi atentha, chipeso chikukoka, duku lapendama. Za ntchito sananenenso, ine sindinafunse. Ndikaganiza za Achisale mtima unkangoti myuu. Mzinda nawo sunasiye kundizunza. Tsiku lina magetsi anazima phala lili pamoto, ndinakoleza mbaula yanga ndi tinthambi kuseri kwa asisitere, oyandikana nawo anaimba foni kuti nyumba ikupsa.

Sabata yachitatu, Lachiwiri m'mawa

Dokotala anati tsopano alimba. Opaleshoni anaiika m'mawa, nthawi yosaloleza alendo. Ine ndinalawirira, Nomusa anandilowetsa pakhomo la antchito, ndinaima pakhonde la wodi ndi korona m'manja. Anawatulutsa pabedi la matayala. Nesi wamkulu, wa pepala m'manja, anandiona, anatambasula dzanja kunditsekereza. Mawu ena ndinawamva, famile, famile. Ololedwa kuperekeza ndi kudikira ndi abale okha. Anawerama kufunsa a Metroni kuti uyu ndani, wantchito wanu?

A Metroni anamuyankha m'Chingerezi, nesi analemba papepala, dzanja lija analitsitsa.

"Mwamuuza chiyani?"

"Ndamuuza kuti si wantchito wanga, ndinamuchotsa Lachisanu lija."

"Ndiye walemba chiyani?"

"Walemba kuti mng'ono wanga. Gwirani bedi, mukuchedwetsa anthu."

Ndinagwira. Ndinakankha nawo mpaka pachitseko chomaliza, ndinakhala pabenchi maola asanu, nyimbo zonse za kwaya ndinazimaliza n'kuyambiranso. Madzulo anatsegula maso, ine ndili pompo, palibe belu londithamangitsa. Anandiyang'ana nthawi yaitali, milomo youma, mawu ngati a mwana.

"A Nangondo."

"Wawa."

"Tikafika kumudzi, Lolemba, sikisi koloko, ndikupezeni mu wodi."

"Si munandichotsa, a Metroni?"

"Ndinakuchotsani. Ndikulembani kachiwiri. Mukufuna ndilembe mlendo woti ndiyambenso kumuphunzitsa?"

Ndinagwira ntchito pansi pawo zaka zina zinayi, mpaka tonse tinapuma. Lero akukhala kuseri kwa tchalitchi, akuyenda ndi ndodo, Loweruka lililonse ndimapita kukawaona. Zikomo wa ku Joni sananenebe, ana anga, ndikudikirabe. Koma mlendo akawapeza ndili pomwepo n'kufunsa kuti mayiwa ndani, amayankha osaphethira kuti, "Mng'ono wanga uyu. Samva."